Kuteteza nthaka ndi madzi ku oyilo wa makina a mphepo: ntchito yoti ithe mvula isanagwe

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inafika popereka magetsi maola atatu okha pa tsiku m'madera ambiri, ndipo nkhani ya magetsi a mphepo inayamba kumveka ngakhale pakati pa ogulitsa ku msika wa Kapata ku Chipata. Magetsi oposa magawo 80 pa 100 alionse m'dziko lino la Zambia amachokera ku madzi, choncho n'zosadabwitsa kuti maso ayamba kuyang'ana kumapiri. Kuno kum'mawa, kampani ya Mphepo Power inaimika kale mlongoti woyezera mphepo m'boma la Katete pokonzekera famu ya mphepo yotchedwa Unika. Achinyamata amene akuphunzira umakaniko ndi zamagetsi lero ndiwo adzakwere nsanja zoterezi. Malangizowa ndalembera iwowo, komanso mafumu, anduna ndi alimi amene minda yawo idzakhale m'munsi mwa makinawo.

Anthu akamva kuti magetsi a mphepo saononga chilengedwe amaganiza kuti m'makinamo mulibe choipa chilichonse. Utsi mulibedi, koma oyilo alimo wambiri. Mapiko a makina aakulu amazungulira modekha, maulendo 10 mpaka 20 pa mphindi imodzi, pamene jenereta yake imafuna maulendo pafupifupi 1,500 pa mphindi. Chimene chimagwirizanitsa ziwirizi ndi giyabokosi, ndipo giyabokosi ya makina aakulu imamwa malita mazana angapo a oyilo wokhuthala, kawirikawiri wa muyezo wa kukhuthala wotchedwa ISO VG 320. Pamwamba pa apo pali oyilo wa haidiroliki wogwira mabuleki ndi kupendeketsa mapiko, girizi wa m'maberingi, oyilo wa timagiyabokosi totembenuza mutu wa makina kuti uyang'anizane ndi mphepo, ndiponso wa mu thiransifoma. Zonsezi zimaikidwa pamsana pa phiri, ndipo madzi a paphiri kwawo n'kudambo.

Nyengo yathu imaipitsanso zinthu. Kuyambira July mpaka September mphepo imawomba kwambiri, makina sapuma, oyilo amakhala wotentha usana ndi usiku. October akafika, dzuwa limaphika kanyumba ka pamwamba pa nsanja, oyilo amapyapyala n'kuyamba kutulukira pamene m'nyengo yozizira sakanadutsa. Chodonthacho chimasakanikirana ndi fumbi n'kubisala. Kenako mvula yoyamba ya mu November imagwa ndi mkokomo, n'kukokolola zonse kupita nazo kumadimba ndi kuzitsime zosazama. N'chifukwa chake ntchito yonse ili m'munsimu muziikonza kuti izitha October asanathe.

Yambirani pansi, musanakwere

Pitani m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa kuwala kochokera chammbali kumaonetsa mizere ya pa nsanja bwino kuposa dzuwa la pamutu. Imani chapatali, muzungulire nsanja yonse mukuyang'ana m'mwamba. Nsanja zimapakidwa penti woyera kapena wotuwa, ndiye oyilo alibe pobisala: amasiya mzere wotsika kuchokera pamene kanyumba kakumana ndi nsanja, ndipo fumbi la m'chilimwe likamatirirapo mzerewo umatenga mtundu wa katondo. Mukaupeza pofikika ndi dzanja, ukhudzeni. Mzere wa madzi a mvula ndi wouma ndipo umachoka ndi nsanza. Wa oyilo umaterera pachala ndipo umasiya banga lonyezimira.

Kenako yang'anani mapiko. Mizere yakuda yoyambira patsinde pa phiko kulowera kunsonga ikutanthauza kuti girizi kapena oyilo wa haidiroliki akutuluka m'mutu wa makina n'kumaponyedwa pozungulira. Kutayika kumeneku n'koipa kuposa kwa pa nsanja, chifukwa phiko limamwaza timadontho kutali, mpaka m'minda yoyandikana nayo. Yendani kumbali komwe mphepo imalowera, muone masamba a udzu ndi a mbewu ngati ali ndi timadontho takuda tosachoka ndi madzi.

Tsegulani chitseko cha nsanja muyang'ane pansi ndi tochi, makamaka pa mawaya aakulu otsika kuchokera pamwamba, popeza oyilo amakonda kutsata waya. Jambulani ndi foni, ndipo ulendo uliwonse muziimirira pamalo omwewo pojambula kuti zithunzi zizitha kufananizidwa. Pamene mzere wathera lembanipo ndi choko pamodzi ndi tsiku.

Dzitetezeni kaye

Imitsani makina, mutseke swichi ndi loko wanu, kiyi akhale m'thumba mwanu osati pa msomali. Musanayandikire shafuti kapena kulowa m'mutu wa mapiko, lowetsani chitsulo chotsekera mapiko kuti asazungulire. Buleki yokha musaidalire. Musakwere muli nokha, ndipo lamba wanu azikhala wokoledwa nthawi zonse. Makwerero odontha oyilo muwapukute musanapondepo. Mitambo ya mphezi ikayamba kusonkhana, tsikani, ntchito idikira. Kumbukiraninso kuti mu haidiroliki muli timatanki tosunga mphamvu, ndipo timakhala todzaza ngakhale pampu itazimitsidwa. Tulutsani mphamvuyo motsata buku la makina musanamasule nati iliyonse.

Pezani pamene oyilo akutulukira penipeni

Apa ndi pamene amisiri ambiri amataya nthawi ndi ndalama. Oyilo amayenda. Amatuluka pamwamba, n'kutsata nthiti za giyabokosi, n'kukadontha mbali ina, ndipo munthu wothamanga amakasintha seal yabwinobwino (seal ndi chotsekera mpata kuti oyilo asatuluke) pamene vuto lili pa nati ya payipi kumtunda.

Choncho yambani ndi kupukuta. Pukutani giyabokosi yonse kuchokera pamwamba kutsika mpaka chitsulo chiume, osasiya ngakhale m'makona. Mukatero yalani makatoni oyera pansi pa malo onse okayikitsa, muwamange kuti asauluke, mulize makina, mubwerere patapita tsiku limodzi kapena awiri. Dontho loyamba pa katoni ndilo likupatseni njira. Ikani tochi pamenepo, mutsate kamzere konyowa kukwera m'mwamba pang'onopang'ono mpaka pamene chitsulo chauma. Pomwe kunyowa kwathera ndiye pagwero. Ngati kamzereko sikakuoneka bwino, wazani ufa wa choko kapena poda wa ana pachitsulo choumacho. Oyilo akadutsa amajambula mzere wakuda mu ufa woyerawo. Pali mankhwala ena othira mu oyilo amene amawala ndi tochi ya UV, koma musathire chilichonse m'giyabokosi popanda chilolezo cha opanga makina.

Dontholo liyang'anitsitseni. Oyilo wa giya ndi wokhuthala, wachikasu chodera, ndipo pa katoni amaima ngati kaphiri asanalowe. Wa haidiroliki ndi wopyapyala, amalowa msanga n'kufalikira. Ngati chodonthacho chili ndi mtundu wowala ndipo chikusakanikirana ndi madzi, amenewo ndi madzi oziziritsira makina. Nawonso ndi poizoni kwa ziweto, musawapeputse.

Malo amene amavuta kawirikawiri ndi awa. Seal ya shafuti yothamanga, yopita ku jenereta, chifukwa imatentha kuposa ina iliyonse. Mahosi opita ku chozizira oyilo, makamaka pamene labala lakumana ndi chitsulo ndi pamene hosi ikukhuzana ndi chinthu china. Makina amanjenjemera tsiku lonse, ndipo hosi yokhudza kona ya chitsulo imaperepeseka mpaka kubowoka. Chivindikiro cha fyuluta, chomwe chimayamba kudontha nthawi zambiri fyuluta itangosinthidwa, chifukwa wina anabwezera O-ring (kamphete ka labala kotsekera mpata) yakale kapena anaipinda pomanga. Kampopi kotulutsira oyilo ndi kotengera sampulo, komwe kangasiyidwe kosatseka bwino. Ndipo m'mutu wa mapiko muli timabotolo tolandira girizi wakale wotuluka m'maberingi a mapiko. Timabotolo timeneti tikadzaza, girizi amasefukira pa mapiko. Kutichotsa n'kuikamo tina ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma imaiwalika chifukwa kulowa m'mutumo n'kotopetsa.

Chinthu chimodzi musachichite ngakhale mutathamanga bwanji: kufufuza bowo la hosi ya haidiroliki ndi dzanja. Oyilo wa mmenemo amakhala ndi mphamvu yoposa mabar 100 (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankha), ndipo akamatuluka pa kabowo kakang'ono amabowola khungu, ngakhale mutavala magolovesi. Bala lake limaoneka laling'ono koma limatha kudulitsa chala kapena dzanja. Yendetsani katoni m'mbali mwa hosi, osati dzanja. Zikachitika, munthuyo apite kuchipatala nthawi yomweyo ndipo madokotala auzidwe kuti ndi oyilo walowa m'thupi.

Funsani chimene chikukankhira oyilo kunja

Seal ikadontha sindiye kuti seal ndiyo yolakwa. Musanaitanitse yatsopano, onani zinthu zitatu.

Choyamba ndi popumira pa giyabokosi. Oyilo akatentha, mpweya wa mkati umafufuma ndipo uyenera kutuluka; usiku kukazizira mpweya umalowanso. Popumirapo pakatsekeka ndi fumbi, giyabokosi imachita ngati chigubu cha thobwa chotsekedwa kolimba padzuwa, ndipo oyilo amatulukira pofooka paliponse. Kuno fumbi la August ndi September limatseka popumira msanga. Mopumira mwambiri muli timiyala toyamwa chinyezi tomwe timasintha mtundu tikakhuta: ta buluu timasanduka ta pinki, ta olenji timasanduka tobiriwira. Tikasintha mtundu mpaka pamwamba, chotsani muike china. Ndi chinthu chotchipa poyerekeza ndi seal, ndipo nthawi zina kudontha kumathera pomwepo.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa oyilo. Pali amisiri amene amakhulupirira kuti kuthira mopitirira mzere ndiko kusamala makina. Ayi. Oyilo wochuluka amavundulidwa ndi magiya, amachita thovu, amatentha, n'kukwera mpaka pa seal zimene sizinapangidwe kuti zimire. Yezani makina ataima, mutadikira nthawi yomwe buku lanena kuti oyilo atsike ndi thovu lithe. Magiyabokosi ambiri aakulu ali ndi seal zosakhudza shafuti, zomwe zimagwira oyilo m'timizere n'kumubwezera mkati kudzera m'timabowo. Timabowo timeneti tikatsekeka ndi zinyalala, oyilo amasefukira kunja ngakhale seal ilibe vuto. Titsukeni.

Chachitatu ndi kutentha. Chozizira oyilo chikadzaza fumbi, udzu wouluka ndi tizilombo, oyilo amatentha mopitirira ndipo labala la seal limauma n'kung'aluka. Chitsukeni nyengo ya mphepo isanayambe ndiponso itatha.

Ngati oyilo akuoneka ngati wathiridwa mkaka, mwalowa madzi. Dontho limodzi pa chitsulo chotentha likathetheka, madzi alimodi. Koma zambiri zimadziwika ndi sampulo yotumizidwa ku labotale, kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Sampulo imaonetsa tizitsulo ta magiya ndi maberingi akuperepeseka, ndipo beringi ikayamba kugwedera shafuti imavina n'kuononga seal iliyonse imene mungaikepo.

Konzani kamodzi, mokhazikika

Posintha seal, yendetsani chikhadabo pa shafuti pomwe seal yakale imakhudza. Chikakodwa m'kamzere, seal yatsopano idonthanso. Pafunika kuvekapo kachitsulo kophimba kamzereko kapena kusuntha pokhala seal. Pamalo otentha sankhani labala la FKM, lomwe limapirira kutentha kuposa la NBR. O-ring iliyonse mwaichotsa musaibwezere. Mabawuti a zivindikiro mumange ndi sipanala yoyezera mphamvu, mopingasa, osati mozungulira. Hosi yomwe yatupa, yang'aluka kapena ikutuluka thukuta la oyilo isinthidwe; kuikulunga ndi mphira wa chubu n'kudzinamiza. Hosi yatsopano muimange ndi zogwirira kuti isakhudze chitsulo.

Ndipo musasakanize oyilo. Pali oyilo wa giya wa mtundu wa PAG amene sagwirizana ndi wa PAO kapena wa mineral, ndipo amatha kuononga seal ndi penti wa mkati. Dramu iliyonse ikhale ndi dzina lolembedwa, ndi fanelo yakeyake.

Ikani cholandira pansi pa chilichonse chokhala ndi oyilo

Ngakhale mutasamala bwanji, tsiku lina hosi idzaphulika usiku kulibe munthu. Funso n'lakuti oyiloyo adzagwera pati. Makina ambiri amapangidwa ndi thireyi pansi pa giyabokosi, ndipo pansi pa kanyumba kapena poponda papamwamba m'kati mwa nsanja pamakhala potha kusunga oyilo wotayika. Onani kuti thireyiyo ndi youma, yosang'aluka, ndipo mabowo odutsa mawaya ndi omata. Thireyi yomwe yadzaza theka ndi oyilo wa chaka chatha siingalandire wa lero. Kachipangizo kodziwitsa kuti oyilo watsika kayesedwe kuti kakuimitsadi makina. Alamu yomwe anthu anazolowera kuizimitsa osapita kukaona ndi yopanda ntchito.

Pansi, thiransifoma ya oyilo ndi malo osungira madramu zikhale m'kati mwa kampanda ka konkire kosadutsa madzi. Muyezo womwe umatsatidwa kwambiri ndi wakuti kampandako kathe kusunga magawo 110 pa 100 a chotengera chachikulu kwambiri. Dramu ya malita 210 ifunika kampanda ka malita 231 kapena kuposa. Konkire yokha imamwa oyilo, choncho ipakidwe penti wosalowa mafuta, ndipo ming'alu imatidwe.

Vuto la timipanda timeneti kuno ndi mvula. Pofika January kampanda kosafolera kamakhala kodzaza madzi, ndipo oyilo akatayikiramo amayandama pamwamba n'kusefukira kunja. Ena pofuna kupewa zimenezi amangosiya mpopi wotulutsira madzi uli chitsegukire, ndiye kampanda konse kasanduka chokongoletsa. Mpopiwo uzikhala wotseka ndi loko. Mvula ikatha pitani mukayang'ane pamwamba pa madziwo mutawerama chammbali. Mukaona utawaleza, yalani zoyamwa oyilo mpaka utawaleza uthe, kenako mutsegule, muime pomwepo mpaka madzi athe, mutsekenso. Pa madramu njira yapafupi ndi denga la malata.

Mathiransifoma ena masiku ano amathiridwa oyilo wopangidwa kuchokera ku soya kapena mbewu zina, amene amawola msanga m'nthaka ndipo sagwira moto msanga. Pamalo oyandikana ndi dambo ndi bwino kusankha wotere. Koma nayenso akafika pamadzi amaphimba pamwamba n'kutsamwitsa nsomba, choncho kampanda kakufunikabe.

Tsiku losintha oyilo

Oyilo wa giyabokosi yaikulu amasinthidwa patapita zaka zingapo, ndipo tsiku limenelo malita mazana amayenda m'hosi yaitali pakati pa galimoto ili pansi ndi kanyumba kali m'mwamba. Ngozi zazikulu zimachitika pamenepa. Sankhani tsiku lopanda mvula ndi mphepo yamphamvu. Galimoto iime pa pulasitiki wokhuthala wokwezedwa m'mbali ndi matumba a mchenga. Pansi pa polumikizira hosi paliponse ikani beseni. Munthu mmodzi akhale pa pampu, dzanja pafupi ndi swichi, akulankhulana ndi wa pamwamba pa wailesi, ndipo asapatsidwe ntchito ina iliyonse. Mukatha, tulutsani oyilo wotsalira m'hosi ndipo mutseke mbali zonse ziwiri musanaitsitse. Lembani malita amene atuluka ndi amene alowa. Manambalawa akasiyana kwambiri ndi a m'buku la makina, oyilo wina anapita kwina, ndipo muyenera kudziwa kuti n'kuti.

Za makina a mphepo opopa madzi

Makina ang'onoang'ono opopa madzi ndi mphepo ali ndi kagiyabokosi kosambira mu oyilo wa malita ochepa chabe, wosinthidwa kamodzi pachaka. Oyilo wake ndi wochepa, koma malo ake ndi oopsa, chifukwa makinawa amaima pamwamba penipeni pa chitsime. Dontho lililonse limatsata ndodo ya pampu kulowera kumadzi akumwa. Posintha oyilo, kwezani ndowa ndi chingwe, muimangirire pansi pa potulutsira musanamasule, ndipo kukamwa kwa chitsime kuphimbidwe ndi pulasitiki womangidwa pa ndodoyo. Simenti yozungulira chitsime ikhale yotsetsereka kulowera kunja. Eni zigayo ndi mapampu a dizilo a kudimba atengerepo phunziro lomweli: injini isaikidwe pamphepete penipeni pa chitsime, ndipo pansi pake pakhale thireyi, ngakhale ya dramu yodula pakati.

Oyilo akatayika pansi

Zida zikhale pafupi kale, m'nsanja iliyonse ndi m'galimoto: zoyamwa oyilo, mchenga wouma, fosholo, matumba olimba a pulasitiki, magolovesi, magambuti ndi dramu yopanda kanthu yokhala ndi chivindikiro. Zoyamwa zoyera zimamwa oyilo wokha n'kuyandama pamadzi, pamene zotuwa zimamwa madzi omwe. M'nyengo ya mvula zofunika ndi zoyerazo.

Tsekani gwero poyamba: zimitsani pampu, tsekani mpopi, dramu yobowoka muigudubuze bowo liyang'ane kumwamba. Mukatero thamangirani kutsogolo kwa oyilo, osati kumbuyo kwake. Onani komwe malo atsetserekera, muunde kamzera ka dothi kapena mchenga kumunsi, mutseke ngalande iliyonse yopita kudambo. Mukamutchinga, wam'madzimadzi mutunge ndi chitini kapena pampu, wotsala mumuyamwe kuchokera m'mbali kulowera pakati. Zoyamwa zikatha, utuchi, gaga kapena makoko a mtedza zimathandiza pouma.

Musathire madzi, ndipo musathire sopo kapena safu. Sopo amaphwanya oyilo kukhala timadontho tosaoneka tomwe timasakanikirana ndi madzi n'kulowa pansi mosavuta. Maso amaona ngati payera, koma oyilo wangopita kumene simungamufikenso. Kukwirira ndi dothi n'chimodzimodzi, ndipo kuyatsa moto kumangosamutsira poizoni mu utsi ndi m'phulusa.

Dothi lonyowa ndi oyilo likumbidwe tsiku lomwelo. Pa katondo oyilo wokhuthala amalowa pang'onopang'ono, koma pa mchenga amatsika msanga, ndiye pamenepo musadikire. Kumbani mpaka mutafika pa dothi losada ndi losanunkha, mupitirire pang'ono pansi ndi m'mbali. Pofuna kutsimikiza, tengani dothi la pansi pa dzenjelo, muliponye m'botolo la madzi oyera, mukhutchumule, mulisiye likhazikike. Pamwamba pakaoneka utawaleza, kumbanibe. Dothi lokumbidwa liikidwe m'madramu kapena pa pulasitiki, lifunditsidwe kuti mvula isaligwere.

Ngati oyilo wafika kale mumtsinje kapena m'dambo, tsikirani kumunsi pamene madzi akuyenda modekha, mupingase mtsinje ndi matumba odzaza udzu wouma omangidwa pa chingwe, mopendeketsa pang'ono kuti oyilo asonkhane ku gombe limodzi komwe mungamutunge. Udzu ukakhuta musinthe. Nthawi yomweyo tumizani uthenga kwa amfumu kuti anthu a kumunsi asatunge madzi, asamwetse ng'ombe ndipo asathirire ndiwo mpaka madziwo atayezedwa. Uwu si uthenga wodikira bwana abwere kuchokera ku Lusaka.

Kenako dziwitsani ZEMA, bungwe la boma loyang'anira chilengedwe. Lamulo la Environmental Management Act, nambala 12 la 2011, limaletsa kutaya zoipitsa m'chilengedwe ndipo limaika udindo wokonza pa woipitsayo. Ngati madzi akhudzidwa, bungwe loyang'anira madzi la WARMA lidziwitsidwenso, ndipo ngati kumunsi kuli potunga madzi a m'tauni, monga madamu a Lutembwe amene amamwetsa Chipata, a Eastern Water and Sanitation Company amve msanga. Lembani nthawi, malo, mtundu wa oyilo, malita ongoyerekeza ndi zimene mwachita.

Oyilo wakale apite kuti

Oyilo wogwiritsidwa kale ntchito, mafyuluta, nsanza, zoyamwa ndi dothi lokumbidwa zonse ndi zinyalala zoopsa, ndipo malamulo a ziphaso a 2013, Statutory Instrument 112, amafuna kuti wosunga, wonyamula ndi wokonzanso zinyalala zotere akhale ndi chiphaso cha ZEMA. Sungani m'madramu otseka, olembedwa, pansi pa denga, m'kati mwa kampanda, kutali ndi madzi: mamita osachepera 10 kuchokera kumtsinje ndi 50 kuchokera pa chitsime kapena mjigo ndi muyezo wabwino, ndipo pamalo otsetsereka onjezerani. Oyilo wa giya, wa haidiroliki ndi wa thiransifoma akhale m'madramu osiyana, osasakaniza ndi dizilo, petulo kapena madzi, chifukwa wosakaniza ndi wovuta kumukonzanso. Fyuluta muisiye idonthere m'beseni usiku wonse musanaiponye m'dramu.

Chiyeso chachikulu chili pachipata. Anthu adzabwera ndi zigubu kudzapempha oyilo wakuda, wina akufuna kupaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye, wina kuthira m'chimbudzi kuti fungo ndi ntchentche zithe, wina kupaka ng'ombe pochotsa nkhupakupa, winanso kuthira pabwalo kuti fumbi ligone. Kukaniza mnansi kumavuta, makamaka wamkulu amene mumamupatsa ulemu. Koma oyilo wakale amanyamula tizitsulo ndi mankhwala oipa. Wothiridwa m'chimbudzi amapha tizilombo towoletsa zonyansa n'kutsikira kumadzi a pansi, ndipo wopakidwa ng'ombe amalowa pakhungu ndi pakamwa ikamadzinyambita. Afotokozereni mwaulemu, ndipo mlonda adziwe kuti dramu siituluka popanda pepala. Wonyamula akabwera, onani chiphaso chake ndi tsiku lothera, mufunse komwe akupita nazo, ndipo akusiyireni risiti yolemba malita.

Mafumu ndi eni minda afunse chiyani

Ntchito yaikulu ngati famu ya mphepo isanayambe pamachitika kafukufuku wa momwe idzakhudzire chilengedwe, ndipo anthu a m'deralo amaitanidwa kumisonkhano. Nthawi zambiri nkhani imathera pa malo, chipukuta misozi ndi ntchito za ana. Zimenezo n'zofunika, koma pakhale mmodzi wofunsa za oyilo. Makina amene mukubweretsa ali ndi giyabokosi kapena ayi? Alipo makina ena, monga ambiri a kampani ya Enercon, amene mapiko amazunguza jenereta mwachindunji, ndipo oyilo wake ndi wochepa kwambiri. Makina amodzi ali ndi malita angati, ndipo thireyi yake ingasunge angati? Thiransifoma idzakhala m'mwamba, m'nsanja kapena panja, ndipo mudzakhala oyilo wanji? Madramu adzasungidwa pati, ndipo madzi a mvula a pamalopo amatsikira kudambo liti? Oyilo wakale adzanyamula ndani?

Pemphaninso kuti madzi a m'zitsime ndi m'mijigo yoyandikana ayezedwe makina asanaimikidwe, ndipo pepala la zotsatira lina lisungidwe kwa amfumu, chifukwa popanda pepala limenelo n'kovuta kudzatsimikiza kuti madzi anaipa makinawo atabwera. Mudzi upatsidwe nambala ya foni yoyankhidwa usana ndi usiku. Abusa a ng'ombe ndi amayi otola nkhuni amadutsa pansi pa nsanja kawirikawiri kuposa amisiri, choncho asonyezedwe zithunzi za mzere wa oyilo pa nsanja ndi pa mapiko, ndipo auzidwe kwa nduna yomwe angakanene akauona.